Chiarabu chili pakamwa, nanga m'dzanja?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndikutengerani kwathu ku Ntcheu, koma nkhani yake ndi ya Chiarabu. Musathawe ayi, ndikudziwa ambiri simunagwireko ngakhale alif.

Mphwanga wina anabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite yakunja komwe akuphunzira Chiarabu. Mnyamatayu akamawerenga Qur'an, mumzikiti mumangoti zii. Ndiye tsiku lina shehe wachikulire wa kufupi ndi kwathu anam'pempha kuti awalembere kalata ya m'Chiarabu yopita kubungwe lina, yopempha malata a madrasa. Ndime zitatu basi. Anakhala nayo kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa m'khola, mapepala ong'amba ali mbwee pansi. Mapeto ake anailemba m'Chingerezi n'kuiponya mufoni kuti imutanthauzire.

Ndinam'seka, kenako manyazi anandigwira ndekha. Ife Angoni a kwa Gomani vutoli timalidziwa. Pitani ku Nkolimbo pa Umhlangano mukamve madoda akuimba ngoma m'Chingoni, liwu lililonse pamalo pake. Mukam'kokere pambali mmodzi, mum'pemphe alembe m'chiyankhulo chomwecho kuti ng'ombe zalowa m'munda mwa alamu ake. Ambiri a ife tingoyang'ana pansi. Nyimbo tinaloweza, koma chiganizo chathuchathu sitingamange.

Ndiye taonani pomwe pamagona nkhani ku Chiarabu. Zilembo n'zokwana 28, zolembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo mwana wa ku madrasa amazigwira msanga. Qur'an yomwe amawerenga imakhala ndi timizere tonse ta fatha, kasra ndi damma, tomuuza poti "a", poti "i" ndi poti "u". Koma nyuzipepala ya ku Cairo kapena buku la ku yunivesite timizereto mulibe. Zilembo zitatu k, t, b zikaima pazokha zingakhale kataba, analemba, kutiba, zinalembedwa, kapena kutub, mabuku. Chokusankhira ndi galamala yomwe ili m'mutu mwako. Wopanda galamala amangoima ngati wafika pamphambano usiku.

Polemba ndiye pamaterera kwambiri. Zinthu zikakhala ziwiri zili ndi kalembedwe kakekake, kosiyana ndi ka chimodzi komanso ka zambiri. Zinthu zambiri zomwe si anthu, monga mabuku, uzitenge ngati mkazi mmodzi. Powerengera kuyambira 3 mpaka 10, nambala ya amuna imavala chovala chachikazi, ya akazi chachimuna. Eti! Zoterezi khutu lokha silingakuphunzitse. Mpaka ulembe, ulakwitse, wina akuzunguzire ndi cholembera chofiira.

Dandaulo langa lili pa kaphunzitsidwe. Ophunzira athu omwe amapita ku Madina kapena ku Al-Azhar amanyamuka kuno atazolowera kuyesedwa pakamwa. Ena amaloweza Ajurrumiyya, kabuku ka malamulo ka Ibn Ajurrum wa ku Fez yemwe anamwalira mu 1323. Kabuku kabwino, sindikukana. Koma kuloweza lamulo la nahwu n'kulephera kulembera mayi ako kalata kuli ngati kudziwa mayina a zipangizo zonse za njinga chikhalirecho sunapalaseko.

China chondinyansa n'choti pofotokozera timadutsira ku Chingerezi. Mabuku otchuka a ku Madina aja a Dr V. Abdur Rahim ambiri amawamvera kudzera m'mafotokozedwe achingerezi. Mwana wa ku Tsangano akuphunzira chiyankhulo chachitatu atatsamira chachiwiri chomwenso n'chogwedezeka. Chonsecho Chichewa chili pompo. Muuzeni kuti kataba, katib, kitab ndi maktab n'zapachibale monga lemba, mlembi, malembo ndi polembera, muone ngati sagwedeza mutu. Munthu yemwe amati "chipewa changa chagwa" koma "zipewa zanga zagwa" mosaganizira n'komwe, mgwirizano wa mawu si wachilendo kwa iye. Angofunika womulozera.

Ndipo asakunamizeni kuti galamala ndi ya eni ake okha. Sibawayh, yemwe analemba buku lalikulu loyamba la galamala ya Chiarabu m'zaka za m'ma 700, anali wochokera ku Persia. Mlendo ngati mphwangayu.

Ifenso a m'gulu lino tisadziyeretse. Timatumiza ndakatulo za Chichewa, Chingerezi, mwa apo ndi apo Chitumbuka ndi Chiyao. Inu omwe munaphunzira Chiarabu, ndipo ndikudziwa mulimo muno, ndi liti munatiponyerako kankhani kakafupi komwe munalemba nokha, n'kutitanthauzira? Ngakhale ndime imodzi yofotokoza msika wa pa Lizulu, kabichi ndi mbatata zili m'mbali mwa msewu. Tiyambire pamenepo sabata ino.

Za kalata ija, shehe anaiwerenga ataikweza pafupi ndi maso. Iwowa ku yunivesite sanapondeko, kulemba anaphunzirira pathabwa. Anatenga pensulo n'kuyamba kuzunguza. Foni ija inali itawatchula akuluakulu a bungwe aja kuti anta, ndiye kuti "iwe", m'malo mwa antum, "inu". Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha, ulemu unatayikira mmenemo. Shehe anangoti, "Mwanawe, ukanaiganiza m'Chichewa sukanawatukwana anthuwa."