Mpando Wotsala pa Ngala

Pa Ngala palibe depoti. Palibe chipata, palibe ofesi yodulira matikiti, palibenso bolodi lolembapo nthawi ya mabasi. Pali msewu wa M5 wochokera ku Salima, umene umatsata nyanja kudutsa Nkhotakota ndi Dwangwa, n'kuwoloka Dwambazi kulowera ku Nkhata Bay ndi Mzuzu. Kunsi kwake kuli mchenga, mabwato ndi mathandala oyanikapo usipa. Komabe m'mawa uliwonse, dzuwa likangosuzumira kutsidya kwa nyanja, amayi amakwera mtunda atasenza mabeseni ndi matumba a nsomba n'kudzaima pamphepete pa tala ngati anthu opangana ndi wina. Posakhalitsa minibasi imatulukira kuchokera kumwera. Kondakitala amatsegula chitseko galimoto isanaime bwino, n'kufunsa kuti, "Amayi, mukutsikira pati?" Mkati muli mipando itatu yopanda munthu, ndipo kumbuyo kuli malo a matumba awiri.

Mlendo akhoza kuganiza kuti amayiwo achita mwayi. Ine ndimati mipando itatu ija inachita kusiyidwa, ndipo anaisiya ndi munthu wodziwa ntchito yake, amene sanafike n'komwe pa Ngala m'mawa umenewo. Luso la depoti limaoneka bwino kutali ndi depoti, pamalo aang'ono pamene munthu alibe pokadandaula galimoto ikamudutsa.

Kuti timvetse, tibwerere pa Dwangwa. Tauni imeneyi inakula chifukwa cha nzimbe. Fakitale ya shuga inayamba kugaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1982 inatsatira ya ETHCO yotcheza mafuta a ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga. Anthu anabwera kuchokera m'maboma onse kudzadula nzimbe, kudzagulitsa malonda ndi kudzamanga mabanja, kotero pasiteji pamamveka Chichewa, Chitonga, Chitumbuka ndi Chiyao nthawi imodzi. Pakati pa phokosoli pamakhala munthu wosunga mzere, amene ena amangomutchula kuti tcheyamani. Alibe yunifolomu. Zida zake ndi kope lopindika m'makona, cholembera ndi foni. M'kopemo mumalembedwa nambala ya galimoto iliyonse monga yafikira, ndipo lamulo lake ndi limodzi: yoyamba kufika ndiyo yoyamba kupakira, zina zidikire.

Lamuloli n'lapafupi kulinena, koma kulisunga kumafuna mutu. Dalaivala aliyense amadzuka ali ndi ngongole, chifukwa mwini galimoto amafuna tageti yake madzulo, mafuta akwere asakwere. Zotsala pamwamba pa tageti ndi mafuta ndizo amagawana ndi kondakitala. Munthu wotere akaona mnzake akudzaza iye ali chikhalire, mtima umamuwawa. Wosunga mzere ndiye amaima pakati. Amadziwa amene anagona pasiteji kuti apeze malo oyamba, amene anachoka pamzere kukamatitsa tayala ndipo ayenera kubwezeredwa malo ake, ndi amene anatola anthu mobisa kuseri kwa msika. Mlandu woterewu amauweruza ataimirira, mwachangu, ndi mawu ochepa: "Achimwene, dzulo munali patsogolo. Lero muleze mtima." Akakondera kamodzi kokha, mawa palibe amene adzamvere kope lake, ndipo siteji idzasanduka malo olandana zikwama za anthu. Boma litaletsa anyamata oitanira mu 2006, chimene linkafuna kuthetsa ndi chipwirikiti chomwechi. Pamene mzere ukusungidwa mwachilungamo, wokwera sakokedwa mkono.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi chiweruzo cha nthawi yonyamuka. Minibasi ya HiAce imanyamula anthu pafupifupi 15. Yopita ku Nkhata Bay ikadzaza thothotho pa Dwangwa, dalaivala amakondwa, koma onse a pa Ngala, a pa Dwambazi ndi a ku Tukombo adzangoiona ikudutsa. Ikanyamuka ndi anthu asanu, mafuta sabwerera. Pakati pa ziwirizi pali mfundo imene siilembedwa m'buku lililonse. Wosunga mzere ndi kondakitala amasuzumira mkati n'kuwerenga kumene aliyense akutsikira: awa awiri atsika pafupi, awo akupita mpaka ku Chintheche, gogo uyu ali ndi thumba la chimanga lotsika naye msanga. Pamenepo amadziwa kuti pofika pa Ngala padzatseguka mipando yakuti ndi malo akuti a katundu. Mpando umodzi umagulitsidwa katatu kapena kanayi paulendo umodzi, ndipo kondakitala waluso amakhazika anthu motsata potsikira pawo kuti otsika msanga akhale pafupi ndi chitseko. Ndalama za aliyense ndi chenji chake amazisunga pamtima, makwacha atapindidwa pakati pa zala, galimoto ikudumpha maenje.

Ndiye pali kuwerenga nyanja. Munthu wa minibasi wa kuno amene sadziwa za usodzi amagwira ntchito mumdima. Usipa amaukola usiku ndi nyali ndi khoka la chilimira. Mwezi ukawala kwambiri nyali zimachepa mphamvu, nsomba sizisonkhana, ndipo m'mawa mwake amalonda a pamsewu amachepa. Mwezi ukalowa mumdima, matumba amachuluka. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera ikakunta, mabwato amakhala pamtunda masiku angapo. Ikangoleka, gombe lonse limadzuka ndipo aliyense amafuna kufika kumsika mnzake asanafike. Wosunga mzere amamva mphepo usiku ali kunyumba kwake n'kudziwiratu ngati mawa galimoto zoyamba zinyamuke zosadzaza. Amadziwanso kalendala ya pamtunda: kutha kwa mwezi pamene ogwira ntchito kunzimbe alandira, nyengo yodula nzimbe imene imayamba mvula ikatha, masiku otsegulira sukulu pamene ana anyamula masutikesi ndi zidebe, ndi Lamlungu pamene msewu umagona mpaka mapemphero atatha. Zonsezi ndizo ndandanda yake ya nthawi, ingokhala yosapachikidwa pakhoma.

Akuluakulu amakumbukira dongosolo lina. Kale mabasi a dziko lino anali m'manja mwa kampani imodzi, United Transport Malawi, imene anthu ankangoti UTM. Mu 1989 kampani ya ku Scotland ya Stagecoach inagula gawo lalikulu la UTM, ndipo inayendetsa mabasi kuno mpaka 1997, pamene ntchitoyo inatsala ndi dzina la Shire Bus Lines. Nthawi imeneyo Coachline inkalumikiza Blantyre ndi Lilongwe, ndipo mumzinda wa Blantyre munkayenda mabasi a Cityline, ena mwa iwo osanjikizana, amene ana ankalimbirana kukwera pamwamba. Basi inkanyamuka chifukwa nthawi yakwana, kaya yadzaza kaya ayi.

Kuti basi inyamuke pa nthawi yake m'mawa, ntchito imagwiridwa usiku, ndipo umu ndi mmene madepoti a mabasi akuluakulu amachitira kulikonse, kaya ndi ku London kaya ku Johannesburg. Basi ikalowa madzulo imathiridwa mafuta ndi kutsukidwa, ndipo nthawi ndi nthawi imayang'anidwa kunsi ndi amakaniko ataimirira m'dzenje, kuona mabuleki, masipuling'i ndi matayala. Dalaivala amasiya lipoti la chilichonse chimene wamva chikulira molakwika. Kenako mabasi amaimikidwa motsata nthawi yonyamukira, yoyamba kutuluka pafupi ndi chipata, kuti m'bandakucha pasakhale kusuntha mabasi asanu pofuna imodzi. Wokonza ndandanda amagawa basi iliyonse ku msewu woiyenera: yolimba kunsi ku msewu wafumbi, yaikulu ku msewu wa anthu ambiri. Amagawanso madalaivala kuti wina asayendetse mopitirira mphamvu zake, ndipo amasiya mabasi angapo osapatsidwa ulendo, odikira inzake ikafa panjira. Kumidzi kunali basi yogona kumapeto kwa msewu, dalaivala ndi kondakitala n'kugona komweko, kuti anthu apeze ulendo wa m'mawa wopita kuboma. Basi yogona ija inali depoti yaing'ono yotumizidwa kwa anthu amene depoti yeniyeni inali kutali nawo.

Shire Bus Lines inagwa m'zaka za m'ma 2000. Lero pa Wenela ku Blantyre, pa depoti ya ku Lilongwe pafupi ndi msika waukulu, ndi pa depoti ya Mzuzu pamaima galimoto za eni osiyanasiyana, ambiri a iwo okhala ndi minibasi imodzi kapena ziwiri, ndipo eniwo ali ndi bungwe lawo la Minibus Owners Association of Malawi. Ntchito zonse zimene kampani imodzi inkagwira mkati mwa mpanda sizinathe. Zinamwazikana n'kugwera m'manja mwa anthu wamba. Dzenje la amakaniko tsopano ndi mthunzi wa mtengo wa mango kuseri kwa siteji, kumene mnyamata amagona chagada pakatoni n'kumamvetsera injini ngati sing'anga womvetsera chifuwa. Basi yodikira ndi dalaivala mnzako amene umamuimbira foni kuti, "Achimwene, ndafera pa Bua, bwerani mudzatenge anthuwa," iye n'kubwera, mukagawana ndalama pambuyo pake popanda pepala. Ofesi ya ndandanda ndi kope lopindika lija. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la depoti ya masiku ano lasenzedwa ndi mitu yambiri imene siidziwana yonse mayina.

Galimotozo zimagawana ntchito ngati mabwato a panyanja. Mabasi akuluakulu a pakati pa Mzuzu ndi mizinda ya kumwera amadutsa pa Ngala kangapo patsiku, ndipo ndi amene amadaliridwa ndi wonyamula matumba ambiri opita kutali. Maminibasi amagwira zigawo: Salima mpaka Nkhotakota, Nkhotakota mpaka Dwangwa pamtunda wa makilomita oposa 50, Dwangwa mpaka Nkhata Bay. Pamalire a zigawozi makondakitala amapatsirana okwera, wina n'kupereka kwa mnzake ndalama ya mtunda wotsala, kotero mayi amene analipira ulendo wonse salipiranso kawiri. Ma Sienta amadzaza msanga chifukwa ndi aang'ono, ndipo amatola amene sangadikire. Kumapeto kwa zonse kuli kabaza, wanjinga yakapalasa kapena yamoto, wochotsa munthu pamsewu kumufikitsa kugombe kapena kumudzi. Palibe amene anakhala muofesi n'kujambula dongosololi, koma mbali zake zimalumikizana.

Luso limeneli limayesedwa kwenikweni zinthu zikavuta. Msewu wa M5 umawoloka mitsinje yambiri yotsika kumapiri, monga Kaombe, Bua, Dwangwa ndi Dwambazi, ndipo m'dzinja madzi amadya milatho ndi m'mphepete mwa msewu. Kumapeto kwa February 2024 madzi osefukira anawononga nyumba ndi msewu m'dera la Dwangwa, anthu ambiri n'kuthawira m'misasa. Msewu ukaduka chonchi, gulu limodzi la galimoto limasanduka awiri: ena tsidya lino, ena tsidya lina, anthu n'kumawoloka pakati ndi katundu pamutu. Mzere watsopano umabadwa pamphepete pa madzi tsiku lomwelo, ndipo pamapezeka wousunga. Chimodzimodzi mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitika m'zaka zaposachedwa: galimoto zina zimagona pamzere wa pafilingi siteshoni, zochepa zotsala n'kugawidwa kuti mbali zonse ziwiri za msewu zisakhale zopanda ulendo.

Sindikubisa kuti okwera amavutika. Kudikira galimoto idzaze kumadya theka la tsiku, ena amapanikiza anthu mopitirira muyeso, ndipo galimoto yosasamalidwa imatenga miyoyo. Ndimalakalaka tsiku limene msewu wa kunyanja udzakhale ndi mabasi onyamuka pa nthawi, oyang'anidwa kunsi usiku uliwonse. Koma amene adzakonze zimenezo adzachita bwino kuyamba wakhala pansi ndi osunga mizere, makondakitala ndi amakaniko a pansi pa mango, chifukwa iwo akudziwa kale zimene kampani yatsopano ingaphunzire m'zaka zambiri: tsiku limene usipa umachuluka, ola limene odwala amapita kuchipatala cha boma ku Nkhotakota, ndi malo amene anthu amaima ngakhale palibe chikwangwani.

Pa Ngala minibasi ija yanyamuka. Matumba amangidwa ndi chingwe cha mphira kumbuyo, beseni lili pamiyendo, ndipo mayi wayamba kale kuwerengera pamtima mtengo umene akagulitsire. Nsomba yake ikafika pamsika dzuwa lisanatenthe, ndipo madzulo abwera ndi ufa, sopo ndi ndalama ya sukulu. Sakudziwa kuti pa Dwangwa panali bambo amene anasuzumira m'galimoto, n'kuona mipando itatu yopanda munthu, n'kumenya chitseko ndi chikhatho kuti dalaivala azipita. Bamboyonso sadzamuona mayiyo. Wadula mzere panambala ya galimoto yapitayo m'kope lake, ndipo akuitana yotsatira kuti isendere kutsogolo.