Ulendo wa Mbili ya Lusaka: Nanga Komboni Ili Kuti?

Ulendo woona malo a mbili yakale uli ngati buku. Wotsogolela ndiye mlembi: amasankha poyambila, poima, na zimene adzalumpha. Conco tingaupende monga mmene timapendela ndakatulo kapena sewelo. Tikapenda maulendo amene okonda mbili amakonzela ana a sukulu na alendo mu Lusaka, tipeza kuti ambili amakamba nkhani imodzimodzi: ya atsogoleli, yofika pacimake pa 24 October 1964.

Njila yake mumaidziwa. Cairo Road, Freedom Statue, Lusaka National Museum, Embassy Park kumene kuli manda a mapulezidenti, ndiyeno Chilenje House 394, nyumba imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kucokela mu January 1960 mpaka December 1962.

Kukamba zoona, njila imeneyi ili na mphamvu. Kuwelenga m'buku kuti a Kaunda anatsogolela UNIP ni nkhani ina, kuima m'tuzipinda twa nyumba ija ni nkhani inanso. Ni kanyumba ka m'komboni, kolingana na ka ambuye anu. Mwana wa ku Matero kapena ku Kanyama akalowamo amaona yekha kuti ufulu sunapanganidwe ku mayadi. Apa ulendo umaposa buku la kusukulu.

Koma pabwalo pa nyumbayo pali cinthu cimene cimayesa luso la wotsogolela: Land Rover imene a Kaunda anali kuyendela pomenyela ufulu. Motokayo inatenthedwa mu June 1990, pamene anthu anacita cipolowe mtengo wa unga utakwela. Motoka imodzi, nkhani ziwili. Pakati pake pali ulamulilo wa cipani cimodzi umene unayamba mu 1972, ndipo patsogolo pake pali masankho a 1991 amene Frederick Chiluba na MMD anapambana. Wotsogolela amene amakamba za ngwazi cabe, osakamba za njala imene inayatsa moto uja, wang'amba tsamba labwino koposa m'buku lake. Kulemekeza a Kaunda sikufuna kuti tibise cifukwa cake anthu a m'tauni anakwiya.

Vuto laciwili ni malo amene maulendowa sapondako. Lusaka inakhala likulu mu 1935, boma la atsamunda litasamuka ku Livingstone. Mzindawu unakonzedwela azungu. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati wanchito wongodutsa, amene adzabwelela kumudzi nchito ikatha. Tunyumba tozungulila tumene tunatsala pa Kabwata Cultural Village tunamangidwila amuna anchito otelo. Lelo anthu amapitako kukagula ziboliboli, ndipo ambili amacokako osadziwa kuti m'tunyumbamo munali kugona anthu amene anamanga mzindawu.

Nanga osowa nyumba anapita kuti? Yankho mumalimva tsiku lililonse pakamwa pa kondakita. John Laing, John Howard, George: makomboni amenewa ali na maina a eni malo a nthawi ija, amene pamalo pawo anthu anamangapo tunyumba twawo. Misisi ni liwu lakuti "Mrs" litakhala pa lilime lathu. Maina ena, monga Mtendere na Chawama, amanyamula ciyembekezo ca okhalamo. Ni mu 1974 pamene lamulo linatsegula njila yakuti makomboni otele avomelezedwe na kukonzedwa m'malo mogwetsedwa. Iyi ni mbili ya anthu ambili a mu Lusaka, koma basi ya ulendo imangoidutsa mazenela ali otseka.

Vuto lacitatu ni cinenelo. Nkhani zambili za pamaulendowa zimakambidwa m'Cizungu, ngati kuti mwini wake wa mbili ni mlendo wonyamula kamela. Koma nkhondo ya ufulu inamenyedwa m'zinenelo zathu. "Kwacha" na "ngwee" anali mau ofuula pamisonkhano asanakhale maina a ndalama mu 1968. Amai Julia Chikamoneka, amene mu 1960 anavula malaya pamaso pa nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, anacita cinthu cimene tanthauzo lake limamveka bwino kwa wodziwa mwambo wathu. Mzimai wamkulu akafika pamenepo, ndiye kuti mau atha, catsala ni tembelelo. Ukazifotokoza mwaulemu m'Cizungu, ukali wake umazilala.

Sindikamba kuti tileke kupita ku Chilenje. Ndikamba kuti bukuli lili na macaputala ocepa, ndipo alembi amene akusowa ndimwe. Ulendo wa mbili sufuna basi kapena yunifomu. Ufuna anthu khumi, Ciwelu cimodzi, foni yojambula mau, na nkhalamba imodzi yodziwa pamene panali mpope woyamba, amene anayambitsa msika, na kumene mabanja anathawila caka cimene madzi anasefukila. Zimene akamba muziyelekezele na zimene wina akumbukila, cifukwa nkhalamba nazonso zimakometsela. Pamene awili atsutsana, lembani zonse ziwili.

Nthawi ndiyo sitiyembekezela. Amene anali na zaka 20 mu 1964, lelo apitilila zaka 80. Nyumba ya nambala 394 ili na boma loisunga, ndipo idzakhalapo mawa. Ambuye anu alibe cikwangwani pakhomo. Afunseni sabata ino kuti anafika liti muno, anatsikila pati, ndipo usiku woyamba anagona kwa ndani.