Manja a Amisiri a ku Joni

Makontirakitala a ku Cape Town ndi Johannesburg akapeza gulu labwino la amisiri ochokera ku Malawi, Zimbabwe kapena Mozambique safuna kulitaya. Ena amati n'chifukwa chakuti alendo amalandira zochepa ndipo sawiringula. Zimenezo zilipodi, makamaka kwa opanda mapepala, koma malipiro ochepa saongola khoma. Ntchito imatha msanga chifukwa cha kagwiridwe kake.

Bilidala wodziwa sayambira pakati. Amayamba wakweza ngodya ziwiri, njerwa iliyonse akuiyeza ndi levulo, kenako n'kukoka chingwe kuchokera ngodya iyi kukafika inayo. Njerwa wamba ya ku South Africa ndi yotalika mamilimita 222 ndipo msinkhu wake ndi 73; ukaonjezera matope a mamilimita 12, mzere uliwonse umakwera 85. Iye amalemberatu miyezoyi pa kathabwa, kuti pofika pa windo asachite kudula njerwa kapena kunenepetsa matope. Akatapa matope amawayala kamodzi, n'kukhazika njerwa, kuigogoda pang'ono ndi chigwiriro, n'kupala otuluka m'mbali kuti apake kumutu kwa yotsatira. Pansi sipagwa kanthu.

Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, ikuwombedwa ndi mphepo, choncho khoma lakunja limamangidwa pawiri, pakati n'kusiya mpata, mbali ziwirizo n'kuzilumikiza ndi timawaya. Matope akadzaza mumpatamo, chinyezi chimawolokera m'nyumba. Mmisiri wosamala amaikamo kathabwa kopyapyala kolandira zogwa, n'kumakakweza pamene khoma likukwera. Mwini nyumba sadzaona zimenezi, koma sadzaitananso munthu wodzakonza khoma la nkhungu. Masiku ambiri pa ntchito yomanga amathera pa kugumula ndi kubwereza, ndipo mmisiri wotereyu amawapulumutsa onsewo.

Komabe liwiro lake limadalira womuthandiza. Ameneyu amakanda simenti ndi mchenga wokwanira ola limodzi kapena awiri basi, kuti matope asaumire pa bolodi, ndipo njerwa amaunjika pomwe dzanja la mmisiri lifika osatembenuka. Kwa Amalawi, kawirikawiri amakhala mng'ono wake kapena mlamu wake, wochokera mudzi womwewo ku Mzimba kapena ku Mangochi. Mawu awiri akwana. "Afewetse, iwe." "Akubwera, achimwene." Gulu lotere silitaya m'mawa wonse likufotokozerana, ndipo palibe amene amafuna kuti kujomba kwake kukamveke kumudzi. Wothandizayo amaphunzira poona. Lero wanyamula wilibala, mawa apatsidwa khoma lam'kati lodzapakidwa pulasitala, m'kupita kwa nthawi n'kumukhulupirira pa ngodya.

Luso limeneli silichedwa kuonongeka. Bwana akayamba kuzengereza malipiro podziwa kuti opanda mapepala sakamusumira, kapena apolisi akagwira awiri n'kuwabweza kwawo, gulu limabalalika. Olowa m'malo angakhale amphamvu, koma sadziwana: matope amauma, chingwe chimakhwepa, mizere imayamba kusiyana. Zimene bwanayo amayesa kuti wapulumutsa pa malipiro amazilipira pogumula.

Obwerera kumudzi amabwera ndi zambiri kuposa malata ndi galimoto. Kuyambira mu 2018 malamulo a ku Malawi amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda, ndipo mabuloko a simenti ayamba kufala. Amene anawazolowera ku Joni safunika kuphunzitsidwanso, ndipo anyamata owakandira matope akutengera kwa iwo kumanga ndi muyezo.