Kusankha Buku Loyenera Kuwerenga

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwambi umenewu ukumukhudza kwambiri wophunzira wa masiku ano amene waima pakati pa mashelefu a mulaibulale, kapena pamulu wa mabuku akaunjika m'mbali mwa msewu ku Limbe, kapenanso amene wagwira foni yodzaza ndi mabuku oti sangawamalize moyo wake wonse. Kale vuto linali lina. M'zaka za m'ma 1920 munthu wodziwa kuwerenga Chinyanja ankadalira timabuku ta kusukulu za mishoni, buku la nyimbo ndi Buku Lopatulika limene linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo ankawabwereza mpaka masamba kuthothoka. Lero mabuku achuluka koma nthawi sinachuluke. Wophunzira amene amamaliza buku limodzi pamwezi, kupatula a m'kalasi, amakhala atawerenga mabuku 48 okha pa zaka zinayi za kusekondale. Choncho buku lililonse lachabe limene watola lalanda malo a buku labwino.

Ophunzira ambiri posankha amatsata chikuto, mbiri ya buku pakati pa anzawo, kapena mayeso. Chikuto n'chonyenga, pakuti kawirikawiri amene amachijambula si mlembi ayi, ndipo ntchito yake ndi kukopa wogula. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Buku lotchuka kuhositelo, limene limayenda m'manja m'manja mpaka kung'ambika, limakhala lokoma ndithu, koma kukoma kwina n'kwa nzimbe: munthu akatafuna amalavula makoko, m'mimba muli gwa ndi njala. Mabuku a mayeso ayenera kuwerengedwa mosamala, komabe amene amathera pa iwo okha amasiya kuwerenga tsiku limene watuluka m'chipinda cholembera mayeso.

Pali muyeso wina woposa itatuyi. Buku labwino limafanana ndi bwalo la milandu limene mboni zonse zapatsidwa mpata wolankhula, ndipo wowerenga wakhazikidwa pampando wa mfumu kuti agamule yekha. Buku lofooka ndi limene mlembi wagamuliratu mlandu anthu asanakhale pansi. Nkhani za mtundu umenewu n'zodziwika. Mtsikana womvera makolo achoka kumudzi kupita m'tauni, anyengedwa ndi mwamuna wagalimoto, atenga pathupi kapena matenda, abwerera kwawo kudzafa, kenaka mlembi atseka ndi ndime ya malangizo. Malangizowo angakhale oona, koma wowerenga anawadziwa kale ali patsamba lachisanu. Mtsikanayo alibe mtima wakewake, alibe chifukwa chomveka chimene chinamuchotsa kumudzi. Iye wangokhala chikwangwani chochenjeza anthu apanjira.

Chitsanzo cha buku lopereka mpata kwa wowerenga ndi Nthondo, limene Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatulutsa mu 1933. Bukuli linapata mphotho pampikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pamutu woti Man of Africa. Nkhani yake ikutsata moyo wa Mchewa mmodzi kuchokera pa kubadwa kwake, unyamata wake wovuta, ulendo wake wokafuna ntchito kutali ndi kwawo, kulowa kwake ufumu, mpaka kutembenuka mtima kukhala Mkhristu. Mphamvu ya bukuli ili m'zaka zimene Nthondo anali wosokonekera. Pamenepo Nthara sathamangira kudzudzula. Amaonetsa mudzi monga unaliri, maliro ake, milandu yake ndi miyambo yake, mwakuti wowerenga amayamba kudzifunsa ngati mnyamatayo anaipa yekha kapena anaipitsidwa ndi zimene anakulira. Kumapeto, pamene nkhani yapendekera ku zimene amishoni osindikiza bukulo ankafuna kumva, moto wake umacheperako. Wophunzira amene waona kusiyana kwa magawo awiriwa waphunzira kuweruza buku, ndipo phunziro limeneli silipezeka m'manotsi a wina aliyense.

Muyeso womwewu umagwiranso ntchito pa mabuku a olemba a kumayiko ena. Mu Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe wa ku Nigeria limene linatuluka mu 1958 ndipo Benedicto Wokomaatani Malunga analimasulira m'Chichewa pamutu woti Chipasupasu, Okonkwo ndi munthu wolimbikira ntchito, woteteza mtundu wake, komanso ndi yemweyo amene akupha Ikemefuna, mnyamata amene ankamutcha bambo, chifukwa choopa kuoneka wamantha. Mwana wake Nwoye akutsata Akhristu, ndipo Achebe sanena kuti walakwa kapena wakhoza. Okonkwo atadzimangirira, wowerenga amatsala ndi mlandu m'manja: kodi mudzi wa Umuofia unagwetsedwa ndi azungu okha, kapena unali kale ndi ming'alu imene alendowo anangolowerapo? Ophunzira awiri angathe kutsutsana pa funso limeneli usiku wonse, aliyense ali ndi umboni wochokera m'buku momwemo.

Wina angafunse kuti munthu angadziwe bwanji zonsezi asanamalize buku. Njira ilipo, ndipo sifuna nthawi yaitali. Awerenge masamba khumi oyamba, kenaka atsegule pakati pamene anthu awiri akulankhulana. Amvetsere ngati aliyense ali ndi kalankhulidwe kake, kapena ngati gogo, mwana ndi wapolisi onse akulankhula ngati mphunzitsi wamkulu pamsonkhano wa m'mawa. Aone ngati munthu woipa wa m'nkhaniyo ali ndi kanthu kena komvetsa chisoni, ndiponso ngati wabwinoyo ali ndi chilema chake. Ngati bukulo ndi la Chichewa, aliwerenge mokweza, pakuti khutu silichedwa kuzindikira Chingerezi chimene changovekedwa mawu a Chichewa. Buku likalephera pa zonsezi, alibwezere pashelefu popanda manyazi. Palibe lamulo lokakamiza munthu kumaliza buku lililonse limene waliyamba.

Komanso buku labwino limalozera ku linzake. Amene wakondwera ndi Nthondo afunefune Msyamboza la mlembi yemweyo, ndiponso aone m'mene John Gwengwe akulongosolera zoleredwa mu Kukula ndi Mwambo. Amene wagwidwa mtima ndi Achebe apeze I Will Try, mbiri ya Legson Kayira yotuluka mu 1965, ya mnyamata wa kumpoto kwa Malawi amene anayenda wapansi mtunda wautali kufunafuna maphunziro. Woyang'anira laibulale ndi mphunzitsi wa chiyankhulo ayeneranso kufunsidwa, pakuti safunsa anadya phula. Koma pofunsa, wophunzira asakhutire ndi yankho loti bukulo n'lokoma. Afunse chimene munthuyo anatsala nacho atalitseka.

Izi sizitanthauza kuti mabuku opepuka alibe malo. Timabuku ta Pacesetters timene kampani ya Macmillan inkasindikiza tinaphunzitsa achinyamata ambiri a mu Africa kukonda kuwerenga, ndipo munthu wotopa ndi masamu ayenera kupumula ndi nkhani yoseketsa. Cholakwika n'kuwasandutsa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Wophunzira amene wazolowera nkhani zomugamulira mlandu amakula ndi chizolowezi chodikira wina kuti amuuze choti aganize, kaya ndi wandale, kaya ndi uthenga wongofika pafoni. Koma amene waweruzapo mlandu wa Nthondo ndi wa Okonkwo amakhala atazolowera kumva mbali zonse asanatsegule pakamwa. Luso limenelo adzalifuna m'banja, kuntchito ndi pabwalo la kumudzi kwawo, ndipo limayambira pamene waima kutsogolo kwa shelefu n'kusankha buku limodzi pakati pa ambiri.