Za Nthano Zoseweredwa ndi Madayisi

Munthu ali yense amene anakulira m'midzi ya kwathu kuno ku Chadiza, kaya ndi kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala, adziwa kuti nthano siikambidwa ndi munthu mmodzi. Agogo akati, "Panangokhala," amayamba aima kufikira ana atayankha kuti, "Tiri tonse," ndipo ana akaleka kuyankha nthano imafera pomwepo, pakuti wokambayo amadziwa kuti anthu ace agona. Ndayamba ndi cinthu codziwika cotere cifukwa ndifuna kukamba za cinthu cacilendo, cimene poyamba ndinaciyesa cibwana ca Azungu, koma nditacipenyetsetsa ndinapeza kuti ciri pa cibale ndi maceza athu a pamoto.

M'caka ca 1974, ku America, anthu awiri, Gary Gygax ndi Dave Arneson, anatulutsa malamulo a masewera amene anawacha Dungeons & Dragons. Masewerawo alibe mpira, alibenso bwalo. Anthu anai kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, ali yense nadzisankhira munthu wa m'nthano amene adzamlankhulira. Wina akhala msilikali, wina mbala, wina sing'anga. Mmodzi mwa iwo ndiye mwini nthano. Iye amafotokoza dziko ndi zoopsa zace, monga kunena kuti, "Mwafika pa mtsinje wodzala, ndipo tsidya lija muona moto." Pamenepo wosewera amanena cimene afuna kucita, koma kunena kokha sikumuolotsa iai. Ayenera kuponya dayisi la mbali 20. Ikatuluka nambala yaikulu, waoloka. Ikatuluka yaing'ono, madzi amtenga. Nthano yotere siitha usiku umodzi. Amakumananso sabata lamawa nayambira pamene analekera, ndipo ena amatha zaka ali pa nthano imodzi.

Kuti anthu amakonda kusewera, sicinthu codabwitsa. Ndani sanaone akulu-akulu atakhala pa nsolo kufikira nsima itazizira? Codabwitsa ndico cakuti anthu ena, amene sanakhale nao patebulopo, amafuna kuwerenga kapena kumvera zimene zinacitika. Ku Japan, kuyambira m'caka ca 1986, magazini ochedwa Comptiq anali kusindikiza cigawo-cigawo mau a anthu osewera, monga momwe anawalankhulira, ndipo nkhaniyo, Record of Lodoss War, inakondedwa kotero kuti mwini nthano, Ryo Mizuno, anailembanso m'mabuku kuyambira 1988. Ku America, m'caka ca 2015, Matthew Mercer ndi anzace anayamba kuonetsa masewera ao pa intaneti m'dzina lakuti Critical Role. Nthano yao yoyamba inali ndi zigawo 115, ndipo cigawo cimodzi cinali kutenga maora atatu kapena anai. M'caka ca 2019, pamene anapempha ndalama zakuti nthanoyo ijambulidwe m'zithunzi zoyenda, okonda nkhaniyo anasonkha madola opitirira mamiliyoni 11. Tsono funso langa ndi ili: ncifukwa ninji munthu wanzeru zace apereka maora anai, nthawi yokwanira kupalira mizere yambiri, kungomvera anzace alikusewera?

Ine ndiganiza kuti cinthu cacikulu ciri m'dayisi lija. Tikamawerenga buku, ngakhale lokoma cotani, timadziwa mumtima kuti mlembi anatsiriza kale kuganiza. Mnyamata wa m'nkhani akagwa m'dzenje pa tsamba lacisanu, sitida nkhawa kweni-kweni, pakuti tiona kuti masamba atsala ambiri ndipo mlembi sangataye munthu wace msanga cotero. Koma m'nthano yoseweredwa palibe amene anatsiriza kuganiza. Mwini nthano akhoza kukonza mudzi wonse, ndi mfumu yace ndi milandu yace, koma osewera nkungoulambalala mudziwo napita kwina. Wosewera akhoza kumkonda munthu wace monga mwana wobala yekha, koma dayisi silimva cisoni. M'caka ca 2018, m'nthano yaciwiri ya Critical Role, munthu wochedwa Mollymauk, amene Taliesin Jaffe anali kumlankhulira, anaphedwa pa nkhondo ya panjira m'cigawo ca 26, nthano ikali kuciyambi. Palibe anakonza imfa imeneyo, ndipo omvera ambiri anamlira monga maliro eni-eni. Mlembi wa buku akadapha munthu wokondedwa pamalo potero, tikadamnena kuti sadziwa nchito yace. Koma popeza anapha ndi maere, anthu anangogwira pakamwa monga timacitira ikafika mbiri ya ngozi. Makolo athu akadacizindikira msanga cimeneci. Munthu wopita kukaombeza ula amakhala cete pamene ula ulikugwa, pakuti akhulupirira kuti cimene cidzatuluka siciri m'manja mwa munthu ali yense wokhala pamenepo.

Pano ndiyenera kunena mau owawa pang'ono pa mabuku athu a Cinyanja, amene inu mwangotsiriza sukulu mwawerenga ambiri. Kawiri-kawiri nkhani yace imakhala imodzi-modzi. Mnyamata anyoza malangizo a makolo, akwera basi ya ku Lusaka kapena ku migodi, akomana ndi mowa ndi akazi a m'tauni, alowa m'ndende, ndipo potsiriza abwerera kumudzi ali wausiwa nagwada pamaso pa amalume ace. Sindinena kuti zotere sizicitika. Zimacitikadi, ndipo ena a mabukuwo analembedwa m'Cinyanja cokoma cimene ife a lero sitingacifike. Koma wowerenga amanunkhiza mathero akali pa tsamba loyamba, cifukwa mlembi anayamba wasankha phunziro, kenaka nkuumba anthu oti alisenze. Anthu otere sapuma mpweya. Sangakane kupita kumene mlembi awatuma. M'nthano yoseweredwa munthu ali yense ali ndi mwini wace wamoyo amene amkanira, amcenjeretsa, kapena amcititsa zopusa, ndipo cifukwa ca ici ngakhale nkhani yosalongosoka imaoneka yamoyo kuposa nkhani yolongosoka imene mlembi anaimanga manja ndi miyendo.

Palinso cina. Womvera nthano yoseweredwa amamva nkhani ziwiri nthawi imodzi: nkhani ya msilikali amene alikumenyana ndi cirombo, ndi nkhani ya munthu wokhala patebulo amene manja ace alikunthunthumira poponya dayisi. Ife tidziwa kukoma kwace kwa zimenezi kucokera ku masanje. Ana akamanga timisasa tao m'munda atakolola, wina nakhala bambo, wina mai, wina fisi wodzaba nsima, akulu odutsa amaima naseka. Saseka cifukwa ca fisi cabe, koma cifukwa adziwa kuti fisiyo ndi mwana wa uje, wofatsa uja, amene lero wapeza mpata wakuonetsa ukali umene amaubisa. Julius Chongo, amene nkhani zace za Poceza M'madzulo zinali kumveka pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anali kulankhula yekha mau a anthu onse a m'nkhani, nkhalamba, mkazi, mfumu ndi nyama zomwe, ndipo luso lace linali lalikulu kotero kuti Ernst Wendland analiphunzira nalembapo mabuku. Omvera anali kudziwa bwino kuti m'nyumba ya wailesi muli munthu mmodzi yekha, ndipo kudziwa kumeneko sikunacepetse kukoma; kunali mbali ya kukomako. Komabe Chongo anali ndi nkhani yonse m'mutu mwace, ndipo panalibe womdula mau. Agogo anga analibe mwai wotero. Ndikumbukira usiku wina pamene mlongo wanga wamng'ono analira nakana kuti kamwana ka m'nthano kadyedwe ndi fisi. Agogo anakhala cete kanthawi, nakoka fodya wao, kenaka anatulutsa mlenje amene sitinamumvepo ndi kale lonse m'nthano imeneyo, ndipo kamwanako kanapulumuka. Ife akulu tinadziwa kuti agogo apotoza njira, ndipo ndiyo nthano imene ndiikumbukira kuposa zonse.

Za kudikira sindinena zambiri, pakuti ndi nzeru yakale. Charles Dickens anagulitsa The Pickwick Papers mwezi ndi mwezi kuyambira 1836, ndipo ali yense amene anatsatapo sewero la pa wailesi adziwa kuti masiku a pakati sapita pacabe. Ndiwo masiku okangana pacitsime ndi pacigayo za cimene cidzacitika. Kusiyana kwace ndi kwakuti m'nthano yoseweredwa okangana aja sangathe kunena kuti mlembi alikuwabisira, popeza iyenso sadziwa.

Koma ndisakunyengeni kuti nkhani zimenezi ndi zokoma zokha-zokha. Zambiri ndi zotopetsa. Dayisi silidziwa kusiyanitsa cinthu cacikulu ndi cacing'ono, cotero nkhondo imene mlembi wabwino akadaitsiriza m'mizere khumi imatenga ora lathunthu la kuwerenga manambala. Osewera amaseka nthabwala zao zimene mlendo sazimva, amatha nthawi kugula zingwe ndi nsapato m'sitolo ya m'nthano, ndipo nkhani imene inayamba bwino imasocera m'thengo osabwereranso. Amene amalemba masewera ao kuti ena awerenge amagwa m'mbuna ziwiri. Ena amalemba ciri conse, ngakhale kutsokomola, ndipo wowerenga amagona. Ena amasalaza zonse, nacotsa dayisi ndi osewera omwe, ndipo cotsala ndi nthano wamba ya malupanga ndi zinjoka, yofanana ndi zikwi zinzace. Olemba abwino ndiwo amene amasiya poonekera malo amene maere anapotoza nkhani, koma nadula zina zonse mopanda cisoni. Ndiponso tisaiwale kuti maora anai a pa intaneti ndi ndalama zambiri kwa mnyamata wa ku Chadiza amene sanapeze nchito, ndi kuti zirombo za m'nkhanizo ndi za ku Ulaya, zopanda fungo la kwathu.

Cimene cindikhalitsa ndi cidwi ndico cakuti masewerawo safuna zambiri. Dayisi la ludo liripo m'nyumba zambiri, ndipo pamene palibe, njere za nsolo zofumbata m'manja zikhoza kugwira nchito yomweyo. Dziko lakuseweramo tiri nalo kale: ulendo wa makolo ocokera ku Uluba, masiku a malinga pamene Angoni anali kuthira nkhondo, kapena ulendo wapansi wa anyamata opita kukafuna nchito ku Harare, ndi mikango, njala ndi mitsinje ya panjira. Anzanu anai, kope limodzi, ndi mmodzi wolemba zimene zacitika m'Cinyanja comveka, basi. Bvuto limene ndiliona liri pa Kalulu. M'nthano zathu zonse Kalulu amapulumuka, ndipo ana amamvera mosatekeseka cifukwa adziwa kuti adzapulumuka. Tsiku limene wina adzamlankhulira Kalulu patebulo, Njobvu itamgwira mwendo, dayisi nkugwa pa nambala yaing'ono, mwini nthano adzayenera kusankha ngati adzamvera dayisi kapena adzatulutsa mlenje wa agogo anga. Ndawafunsa anzanga atatu za mlandu umenewu. Awiri anati Kalulu afe ndithu, koma wacitatu, amene ndi mphunzitsi wa ana ang'ono, anati iye sangakhale nao patebulo lotero.