Mapu a masewera ndi ufumu wa Undi

Anyamata ena amasewera pa kompyuta masewera ochedwa Europa Universalis IV, amene kampani ya Paradox ya ku Sweden inatulutsa mu 2013. Wosewera amasankha ufumu pa mapu a dziko lonse a caka ca 1444, nayamba kuulamulira. Tiyamika kuti opanga masewerawa sanasiye dera lathu lopanda maina: Maravi alimo, Lundu alimo, Mutapa alimonso.

Koma pali cina cotidetsa nkhawa. Ufumu uliwonse anaupaka mtundu wakewake ndi kuuzunguliza mzere, ngati dimba la mpanda. Mzere wotere tiudziwa bwino ife a ku Cassacatiza: ndi uja timaoloka popita ku Chanida, wocokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891. Makolo athu sanali kuyeza ufumu conco ayi. Undi ali ku Mano, ufumu wake unali kulekeza kumene kunali kulekeza mitulo, monga minyanga ndi zikopa. Mfumu ikaleka kutula, ndiye kuti ufumu wacepa, ngakhale phiri ndi mtsinje zili pomwepo. Mpaka lero pa Kulamba ku Mkaika, mafumu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakatula kwa Gawa Undi mmodzi yemweyo.

Tsono inu atsogoleri a makalasi, mnyamata akakuonetsani mapu amenewa musamdzudzule. Mpatseni khala ajambule mtsinje wa Kapoche, Mano ndi njira za mitulo, agogo a m'kalasimo azimuuza maina. Kulemba mainawo ndilo likhale phunziro la tsikulo.