Thanthwe la Pansi pa Ponte

Amene anaonerapo Star Trek yakale amaidziwa miyala ija ngakhale sadziwa dzina lake. Ndi miyala ikuluikulu yopendekeka, yosongoka kunsonga, pamene Captain Kirk analimbana ndi chibuluzi chotchedwa Gorn m'gawo la "Arena" la mu 1967. Malowo ndi Vasquez Rocks, kumpoto kwa Los Angeles. Ojambula akanema akhala akubwererako kwa zaka zambiri chifukwa malowo ali pafupi ndi masitudiyo a Hollywood koma amaoneka ngati si a dziko lino. Lero miyalayo ndi pulaneti ina, mawa ndi chipululu cha oweta ng'ombe okwera pa akavalo. Palibe amene amagona pamiyalapo, choncho palibe wodandaula.

Ku Joni nako kuli thanthwe lotere, koma ili lili m'kati mwa nyumba. Ponte City ndi nsanja yobulungira ya mamita 173 imene inamalizidwa mu 1975 ku Berea, m'malire ndi Hillbrow. Pakati pake mpobooka ngati mgolo, kuyambira pansi mpaka kumwamba. Pansi pa dzenjelo omanga sanasalazepo. Anasiya thanthwe la chitunda chimene anamangapo, lokhakhala, lokwera ndi kutsika. Ukaima pathanthwepo n'kukweza maso, umaona mawindo ozungulira mizeremizere, ndipo kumapeto kwake kathambo kakang'ono ngati mbale.

Chithunzi chimenechi ojambula amachikonda koopsa. Neill Blomkamp, wobadwira ku Johannesburg komweko, anaonetsa nsanjayi chakumapeto kwa District 9 mu 2009, ndipo mu Chappie, mu 2015, anaisandutsa phanga la zigawenga. Mu Resident Evil: The Final Chapter, filimu ya mu 2016, nsanjayi ndi bwinja la mumzinda wopeka wa ku America, mmene anthu ochepa otsala akudziteteza ku chikhamu cha ndondocha. Chaka chomwecho woimba Drake anajambulirako mbali ya filimu yake yaifupi, Please Forgive Me. Nkhani zake n'zosiyana, koma ntchito ya malowo ndi imodzi: kuuza woonera kuti kuno dziko linatha kale.

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndiye pali mawu amodzi amene amandikola. Pa Chingerezi, malo ojambulirapo kanema amawatcha location. Ife mawu omwewo tinawalandira kalekale, n'kukhala lokeshoni, ndipo tanthauzo lake ndi malo amene atsamunda anapatulira anthu akuda kunja kwa tauni. M'matanthauzo onse awiriwa wosankha malo si wokhalamo. Wina amabwera, n'kuyang'ana, n'kugamula kuti malo ano akhala akuti. Ku Vasquez Rocks kugamulako kumagwera miyala. Ku Ponte pamwamba pa thanthwelo pali nyumba zosanjikizana zoposa 50, ndipo m'menemo muli anthu amene akuphika, akuchapa mayunifolomu a ana, akuwerengetsera za lendi.

Msuweni wanga anakhalamo zaka zingapo, akugwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina. Atangolowa anatumiza chithunzi cha nsanjayo kumudzi ku Mangochi, monyadira. Patapita miyezi, adzukulu anabwera kuchokera kuvidiyo sho ya pamsika, kumene amaonetsa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, n'kuwauza agogo awo kuti nyumba ya amalume ija aiona, ndipo mukukhala ndondocha. Azakhali anandiimbira usiku womwewo.

"Mwanangu, undiuze zoona. Mbale wakoyu akugona m'bwinja?"

"Ayi, azakhali. Pachipata pali alonda, madzi akutuluka, magetsi akuyaka."

"Nanga ojambulawo anaziona kuti zimenezo?"

Funso limenelo n'loyenera, ndipo sindinganame kuti mafilimuwa anangopeka zonse. Ponte inamangidwira azungu achuma panthawi ya tsankho. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ambiri a iwo anasamuka, chisamaliro chinachepa, umbanda unakula, ndipo zinyalala zoponyedwa m'dzenje lija zinaunjikana mpaka kukwirira thanthwelo. Mu 1998 panali ngakhale maganizo oti nsanjayi isanduke ndende. Koma zinyalalazo zinachotsedwa, nyumbayo inakonzedwa, ndipo thanthwe limene kamera imajambula lero likuoneka chifukwa anthu anagwira ntchito yolifukula. Mafilimu aja anafika kukonzako kutachitika. Anapeza malo otetezeka mokwanira kuti alowetsemo makamera odula, n'kuwajambula ngati malo amene munthu sangatulukemo wamoyo.

Sindikunenanso kuti m'kati mwa Johannesburg zonse zili bwino. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu oposa 70 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda. Ngozi yeniyeni imakhala ndi mwini nyumba, wotolera lendi, ofesi imene inayenera kuyendera koma sinayendere. Filimu ya ndondocha ilibe zonsezi. M'menemo bwinja limangokhala bwinja, ngati thanthwe limene linalipo chilengedwere, ndipo palibe woti n'kumufunsa. Apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Kamera ikaima pathanthwe n'kuloza kumwamba, anthu amasanduka mawindo, ndipo umphawi umaoneka ngati mtundu wa mwala m'malo mwa chinthu chimene anthu ena anachititsa. Gangster's Paradise: Jerusalema ya Ralph Ziman, ya mu 2008, nayo ili ndi mfuti zambiri, komabe imayesako kuonetsa mmene nyumba ya ku Hillbrow imalandidwira ndi amene amapindula nazo.

Alipo amene anajambula Ponte mwa njira ina. Ingrid Martens, mufilimu yake Africa Shafted: Under One Roof, anaika kamera m'zikepe za nsanjayi n'kusiya anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa kuti alankhule pamene akukwera ndi kutsika. Mikhael Subotzky ndi Patrick Waterhouse anayamba mu 2008, ndipo kwa zaka zingapo ankagogoda khomo ndi khomo, kujambula zitseko, mawindo ndi mawailesi akanema a m'nyumbamo. Ntchitoyo inapata mphoto ya Deutsche Börse mu 2015. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene ndimakonda pa ntchito yawo ndi mawailesi akanemawo: anthu amene dziko limawaonera pakanema akuoneka kuti nawonso ndi oonera, ali ndi masewero awo a madzulo, mpira wawo ndi alaliki awo. Izi sizichotsa funso loti wapindula ndani, popeza zithunzizo zinakapachikidwa m'nyumba zoonetsera zaluso kutali ndi Berea. Komabe kuti ujambule chitseko cha munthu uyenera kuyamba waodira, pamene thanthwe silifuna odi.

Pansi pa nsanjayi pali bungwe la Dlala Nje, limene linayamba mu 2012. Limayendetsa alendo m'nsanjamo ndi m'misewu ya Hillbrow, ndipo lili ndi malo amene ana a m'derali amasewerera ndi kuphunzirira. Alendowo nawo amatsikira kuthanthwe kuja, n'kukweza mafoni, n'kujambula chithunzi chomwe chija cha mawindo ndi kathambo. Sindiwaweruza, inenso ndinajambula. Koma chimene msuweni wanga anawatumizira azakhali pambuyo pake, kuti mtima ukhale m'malo, chinali china: mphika wa nsima pachitofu, ndi windo loyang'ana kunja, kumene mzinda wonse umaonekera pansi.